Matumba Asanu ndi Nsomba za Bambo Walter

Ana anga Ruvimbo ndi Madalo, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, poti tsopano mawondo andikhazika pansi. Ndikulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mumamva zonse ngakhale mumandiyankha m'Chingerezi, choncho pomwe pakuvutani mudzabwere mudzandifunse. Za ubwana wanga ku Zimbabwe ndinakusimbirani kale. Apa ndingokumbutsa chimodzi. Agogo anu aamuna, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, anakalambira pa famu ya nsomba kumapiri ozizira a kum'mawa kwa dzikolo, ndipo ine ndinakula ndikuwanyamulira ndowa. Nsombazo zinali tirauti, nsomba za m'madzi ozizira, zamawangamawanga, zokhala ndi mzere wofiirira m'nthiti. Pokwera ndege ndinkaona ngati ndasiyana nazo mpaka kalekale.

Chaka changa chachitatu ku London

Ntchito yanga yoyamba inali yosamalira okalamba pa nyumba ina ku Wembley. Ine ndi bambo anu tinkakhala chipinda chimodzi ku Tottenham, pamwamba pa sitolo ya munthu wa ku Ghana. Iwo ankayendetsa basi, ine ndinkasambitsa ndi kudyetsa anthu omwe ambiri mwa iwo sankakumbuka dzina langa. Rozina linkawavuta, ndiye onse ankangoti Rose. M'chipinda chakumapeto munkakhala bambo Walter, mzungu wamtali wa manja akuluakulu, amene mutu unali utayamba kuwasokonekera. M'mawa uliwonse, ndikangofika pa shifiti, ndinkawapeza ali pa chitseko chotulukira, atavala jasi pamwamba pa zovala zogonera, akulimbana ndi loko. Anzanga ankati akufuna kuthawa. Ankawabweza mowanyengerera, iwo n'kukalipa, tsiku lonse n'kukana kudya.

Tsiku lina ndinaima pambali pawo n'kumvetsera zomwe ankang'ung'udza. Ankati masamba atseka sefa ya polowera madzi, madzi sakulowa, nsomba zifa zonse. Mawu amenewa ndinkawamva m'kamwa mwa bambo anga mphepo ikaomba. Ndinangoti, "Bambo Walter, sefa ndachotsa kale masamba. Madzi akulowa bwinobwino." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga zikuyang'ana kuti?" anandifunsa. Ndinati, "Zonse mitu kumtunda, komwe kukuchokera madzi." Anapuma mpweya wautali, navula jasi okha, napita kukadya phala. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkayendera limodzi maiwe omwe kunalibe, tili m'khonde la nyumba ya okalamba. Iwo ankaloza pa kapeti n'kunena kuti dziwe lachiwiri ladzaza, ine n'kuvomera kuti tigawe mawa. Pena ndinkadzidzimuka kuti inenso ndikumva fungo la madzi ozizira.

Mwana wawo wamkazi, mayi Helen, anatipeza Lamlungu lina tili pa nkhani zathuzo. Anali mayi wamfupi, wa msinkhu wanga, wa nkhope yopsa ndi mphepo. Atandipatula anandifunsa, "Mwaziphunzira kuti zimenezi? Zomwe mukunenazi si zongowasangalatsa. Mukuzidziwa." Ndinawauza za bambo anga. Kenako anati famu ya bambo awo ilipobe, kumapeto kwenikweni kwa London chakumadzulo, ndipo munthu amene ankawathandiza wangochoka kumene. Anandifunsa ngati ndingafune ntchitoyo. Nditawauza bambo anu, anaseka mpaka kutsamwa. "Mwabwera ku London kudzaweta nsomba? Kwanu mukanena chiyani?" Koma Loweruka lotsatira ndi iwo omwe anandiperekeza.

Zaka zoyamba pa famu

Ulendo wake unali wa sitima ziwiri ndi basi. Ndinkakwera yoyamba ya m'mawa ku Tottenham, n'kusintha pakati pa mzinda, n'kudutsa pa Wembley pomwe bwalo la mpira lija limaoneka ngati dengu lalikulu, mpaka pomwe njanji imathera. Ukatsika basi, nyumba zinkatha mwadzidzidzi. Kunali kamtsinje ka madzi oyera kotuluka pansi pa nthaka, mitengo yoweramira m'madzi, ndi maiwe asanu ndi awiri, aatali ngati mizere ya m'munda. M'nyengo yozizira nkhungu inkagona pa madzi mpaka cha m'ma teni. Ndinkayenda m'mphepete ndi ndowa, osaona mapazi anga, n'kumangomva madzi akuwira uku ndi uku pomwe ndaponya chakudya. Kakowa ankaima pa mpanda ngati naye walembedwa ntchito. Nthawi zina ndege ikamadutsa m'mwamba, yosaoneka, ndinkaiwala kuti ndili dziko liti. Ndinkayembekeza kuti m'nkhungumo mutuluka bambo anga ndi chipewa chawo chong'ambika, ngakhale anali atamwalira kale.

Tinalipo atatu. Mayi Helen ankayang'anira zonse ndi kulankhula ndi ogula. Ine ndinkadyetsa, kusankha ndi kuyang'anira thanzi la nsomba. Wachitatu anali aMwale a ku Lusaka, bambo wa imvi amene ankayendetsa vani yokaperekera nsomba m'malesitilanti ndi m'madamu a anthu owedza. Ine ndi iwo tinkalankhula chathu, iwo Chinyanja cha m'tauni, ine Chichewa cha pa famu, n'kumasekana. Iwo madzi ankawaopa. Zaka zonse zimene tinagwira limodzi sanalowepo m'dziwe kupitirira m'mawondo.

Mayi Helen sanali bwana wolankhulalankhula. Akakondwa ndi ntchito ankangokubweretsera tiyi m'mphepete mwa dziwe, n'kuima nawe chete. Ndi iwo anandiphunzitsa zomwe bambo anga sankadziwa: kuyeza mpweya wa m'madzi ndi kachipangizo, kuwerenga pepala la dokotala wa ziweto, kulemba tsiku lomwe nsomba zadya mankhwala kuti zisagulitsidwe mankhwalawo asanathe m'thupi. Inenso ndinawaphunzitsa za bambo anga: kuti nsomba yodwala imayamba kuoneka pa kaimidwe, masiku awiri kachipangizo kasananene kanthu.

Dziwe lakumtunda, loyamba kulandira madzi, linali la makolo. Mmenemo munkakhala nsomba zikuluzikulu, zina zotalika ngati mkono wanga wonse, zomwe tinkazifinya mazira chaka ndi chaka. Bambo Walter anayamba kusankha mtundu umenewu mayi Helen asanabadwe, kutenga zokula bwino n'kusiya zina, mpaka zinakhala ndi maonekedwe akeake, misana yakuda ndi mzere wofiira kwambiri. Ife tonse tinkangoti nsomba za bambo Walter. Zinkasambira mwaulemu, mosapupuluma, ndipo mayi Helen akakhala ndi nkhawa ndinkawapeza atakhala pa thabwa la pamenepo, miyendo ili lendelende, akuziyang'ana. Anandiuzapo kuti ali mwana ankakwiya nazo, chifukwa bambo awo ankazidziwa bwino kuposa mmene ankadziwira ana awo. "Tsopano ndi zokhazi zimene zatsala za munthu amene ndinkamudziwa," anatero. "Amene ali ku Wembley uja ndi thupi lake chabe."

Mwezi wa Julaye, chaka changa chachisanu ndi chinayi pa famu

Chaka chimenecho dzuwa linakwiya. Udzu wa m'mapaki unapsa n'kukhala ngati wa kwathu mu Okutobala, ndipo kamtsinje kathu kanaphwera mpaka miyala kuonekera. Madzi akafunda amachepa mpweya, ndipo tirauti sizipirira zimenezo. Lolemba lina m'mawa ndinaona tiana ta nsomba ta m'maiwe atatu a m'munsi taunjikana polowera madzi, tikupuma mofulumira, tivindikiro ta m'mbali mwa mutu tili yasa. Ndinavuula kamodzi n'kutukula kachivindikiro kuti ndione makha, zija zofiira zomwe nsomba imapumira. Makha abwino amakhala ofiira ngati nyama yatsopano, timizere take tooneka kamodzikamodzi. Awa anali otuwa, otupa, omatirira mamina. Ndinathamangira kumtunda. Makolo nawo anali chimodzimodzi, ena ataima duu m'mphepete ngati zipika.

Tsoka silinabwere lokha. Dzulo lake bambo Walter anali atagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo mayi Helen anali nawo kuchipatala. Madokotala anali atawauza kuti pa msinkhu umenewo opaleshoni ikhoza kuwatenga. Choncho dokotala wa ziweto ndinamulandira ndine. Anali mayi wachitsikana wodekha. Anadula makha pang'ono, nawayang'ana pa makina ake, nanena kuti ndi matenda a makha oyamba ndi tizilombo, ndipo alowa kale m'thupi. Anatiuza kuti tisambitse nsomba m'madzi a mchere, tiyatse makina onse opopera mpweya, ndipo analemba pepala loti kufakitale atisakanizire mankhwala m'chakudya. Nsomba sungaimwetse pilitsi. Mankhwala amawamatiza pa timibulu ta chakudya ndi mafuta, ndipo iyenera kudya mlingo wokwanira masiku khumi osadumphitsa. Tinawerengera limodzi: maiwe atatu a tiana ankafuna matumba asanu, dziwe la makolo matumba anayi, chifukwa mlingo umatsata kulemera kwa nsomba.

Lachitatu aMwale anapita kukatenga chakudyacho. Atabwera anatsegula vani. Munali matumba asanu. "Amai, ni aya cabe," anatero. "Bakamba ati aliyense afuna. Mafamu ya salimoni ku Scotland, mafamu ya kuno, bonse nsomba zidwala. Yenangu ni pambuyo pa masabata yabili." Masabata awiri! Nsomba za makha otupa sizidikira masabata awiri.

Ndinaimbira mayi Helen. Anayankha ali m'khonde la chipatala, mawu ali otopa. Nditawafotokozera, sanaganize n'komwe. "Patsani za adadi. Matumba anayi kumtunda, lotsalalo muone pomwe lingathandize." Ndinati, "Mayi Helen, tiana tikudyabe bwino. Makolo ambiri asiya kudya." Iwo anati, "Rose, akulowa nawo ku opaleshoni masana ano. Sindingataye onse awiri sabata imodzi. Chonde chitani zomwe ndanena." Foni inaduka.

Ndinatenga chakudya wamba chodzaza dzanja n'kupita kumtunda. Ndinaponya. Timibulu tinayandama, n'kuyamba kumira pang'onopang'ono, tikudutsa pamphuno pa nsomba zomwe kale zinkalumpha mpaka kundinyowetsa. Zochepa zinatembenuka n'kudya, mwina imodzi pa zitatu zilizonse. Zinazo zinangoyang'ana kutsogolo. Ndinatsikira kumunsi n'kuponyanso. Tiana, ngakhale tinali todwala, tinawiritsa madzi. Ndinaimbira dokotala uja kumufunsa ngati ndingagawe pakati, onse alandireko pang'ono. Anakana. Anati mlingo woperewera ndi woipa kuposa kusapereka, chifukwa nsomba sizichira ndipo tizilombo timangozolowera mankhwala. Anati pepala lake likuloleza maiwe onse anayi, koma kusankha n'kwa mwini famu. Ndinayesanso foni ya mayi Helen kanayi. Inali yozimitsa.

Ndinakhala pa thabwa lawo lija. Dzuwa linali pamutu, madzi ali mbee, ndipo pansi pa mapazi anga nsomba zazikuluzo zinkaoneka ngati zikuyandama m'mwamba, mithunzi yake ili pa mchenga. Ndinaganiza za anthu amene ndinawadyetsapo ku Wembley, momwe munthu amafikira potseka pakamwa, iwe supuni ili m'manja. Ndinaganizanso kuti tiana tija, timene tinadzaza maiwe atatu, ndi ana a nsomba zomwezi, ndipo ndi tomwe tikanagulitsidwa chaka chamawa. Popanda ito famu ikanatsekedwa. Koma musaganize kuti zinali zoonekeratu. Imodzi pa zitatu inkadya. Zimenezo mankhwala akanazipulumutsa. Ndipo famu sinali yanga, nsomba sizinali zanga, bambo amene anali pa tebulo la opaleshoni sanali anga.

AMwale anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. "Manje muzacita bwanji?" Ndinati, "Ndipatsa tiana." Anavula kapusi n'kudzikanda m'mutu. "Imwe amai, muli na zaka fifite na cakuti. Bakakucotsani nchito muzayenda kuti? Bakuuzani zocita. Citani, zikafa si mulandu wanu." Ndinawayankha kuti zoonadi sukhala mlandu wanga, koma ndidzakhala ndikudziwa. Anandiyang'ana, napukusa mutu, kenako anapita ku vani n'kusenza thumba loyamba kulunjika kumunsi. Ndisanatsegule thumbalo ndinasiya uthenga pa foni ya mayi Helen, kuwauza zomwe ndikuchita ndi chifukwa chake, kuti asadzamve kwa wina. Kenako ndinayeza mlingo pa sikelo n'kuyamba kuponya.

Makolo sindinawataye. Ndinawasambitsa mu mchere kawiri pa tsiku, ndinasamutsira kwawo makina a mpweya aakulu, ndinawatchingira dzuwa ndi lona. Koma m'mawa uliwonse ndinkapeza zina zitagadama, mimba zoyera zili m'mwamba. Kuzivuula kunkafuna manja awiri. Ndinkaziyala pa udzu, zazikulu ngati makanda, mzere wofiira uja ukuzilala ndikuona.

Mayi Helen anabwera Lachisanu. Bambo awo anali atatsitsimuka ku opaleshoni, ofooka koma amoyo. Uthenga wanga anali ataumva Lachinayi. Sanandipatse moni. Anapita kumtunda, naima pamene ndinayala za m'mawa umenewo, manja ali m'matumba. Ndinawatsatira. "Ndinakuuzani," anatero osandiyang'ana. Ndinati, "Munandiuza." "Ndinakupemphani, Rose. Sindinakulamuleni ngati wantchito. Ndinakupemphani." Anandifunsa ngati zina zinkadyabe Lachitatu lija, ndipo ndinawauza zoona, kuti zinalipo. Pamenepo anatembenuka, maso ali ofiira. "Ndiye munazipha ndinu." Anafuna kuti matumba otsala apite kumtunda tsiku lomwelo, koma dokotala atabwera anati nthawi yapita, palibe ikudya, ndipo kudukiza tiana pakati kungawononge zonse. Ananenanso kuti zofooka kwambiri tizipumitse, zisavutike. Mayi Helen analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Ntchito yoziphayo ndinaigwira ndine, aMwale akundigwirira ukonde ali pamtunda. Pa dziwe lonse lija zinatsala zisanu ndi ziwiri, zonse zazimuna.

Tiana tinayamba kusintha tsiku lachisanu la mankhwala. Tinabalalika m'dziwe monse, tivindikiro tinatsekeka, ndipo pofika tsiku lakhumi makha anali atayamba kufiira. Tinafa tochepa.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, chaka chomwecho

Sanandichotse ntchito. Mwina zikanakhala zopepuka akanatero. Malangizo ankandilembera pa kapepala n'kumata pa chitseko cha shedi. Tiyi ankamwera mu ofesi. Tikakumana pa kanjira kopapatiza ka pakati pa maiwe, ankapatuka ngati akupatukira mtengo. Ine ndinkafika kunyumba n'kukhala pa mpando osavula nsapato. Inu munali ku sekondale nthawi imeneyo, mwina mukukumbuka kuti ndinasiya kuimba kwaya ku tchalitchi. Bambo anu anandiuza kuti ndingosiya, okalamba osowa owasamalira ndi ambiri. Ndinalemba kalata yosiyira ntchito n'kuiika m'chikwama, ndipo inayenda nane pa sitima milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lililonse ndinkati ndipereka lero, koma ndikafika n'kuona tiana tikukula, misana ikuda, ndinkati ndidikire tisamuke kaye dziwe.

Mvula inabwera mu Seputembala, kamtsinje kanadzaza. Dziwe lakumtunda tinaliphwetsa, tinalitsuka, n'kulisiya lopanda kanthu. Zisanu ndi ziwiri zija zinali m'thanki kuseri kwa shedi. Ndikamadutsa pa dziwe louma lija m'mawa, nkhungu itadzazamo mpaka m'milomo, maso ankandinamiza. Ndinkaona misana yakuda ikuyenda pang'onopang'ono m'nkhungumo. Ndinkaima mpaka dzuwa litaibalalitsa, n'kutsala simenti yokha.

Loweruka lina kumapeto kwa Okutobala ndinamva galimoto ya mayi Helen, kenako phokoso la mawilo pa miyala. Anali akukankha bambo Walter pa njinga ya olumala. Aka kanali koyamba kuwabweretsa m'zaka zonse zomwe ndinagwira pamenepo, chifukwa ankaopa kuti akafika sadzalola kubwerera. Anali atatha, jasi ili khwekhwerere, bulangeti pa miyendo. Ine sanandizindikire. Ngakhale mwana wawo ankamuti "mayi inu". Ndinaganiza kuti awabweretsa kuti ndione nkhope ya munthu amene ndinamulakwira, ndipo ndinaima chapatali ndi ndowa yanga.

Anawayimika pa dziwe louma. Bambo Walter anayang'anamo, nayang'ana mitengo, nayasamula. Mayi Helen anawerama n'kunena, "Adadi, ili ndi dziwe lanu lija. Mukulikumbuka?" Iwo anati akumva kuzizira. Ndinaona mapewa a mayi Helen akugwa. Anatembenuza njinga kuti azibwerera, ndipo njira yake inadutsa m'mphepete mwa maiwe a m'munsi, pomwe ndinali. Inali nthawi yodyetsa, nsomba zinali zitandiona kale, ndiye ndinaponya. Madzi anawira. Bambo Walter anadzutsa mutu ngati munthu amene waitanidwa dzina. Anagwira wilo ndi dzanja, njinga inaima.

"Ndipatseni imodzi," anatero. Mawu ake anali ena, olimba, a munthu wa pa ntchito. Ndinayang'ana mayi Helen, iwo anagwedeza mutu. Ndinavuula imodzi, yotalika ngati chikhatho ndi theka. Bambo Walter anaviika kaye manja mu ndowa ya madzi, monga amachitira munthu wodziwa, kuti asaiwawule khungu. Manja omwe ankalephera kugwira kapu anaigwira nsombayo mosaifinya, ndipo inakhala bata. Anaitembenuza, nayang'ana msana, nayang'ana mzere wa m'nthiti. Kenako ndi chala chachikulu anatukula kachivindikiro n'kusuzumira m'makha.

"Iyi inadwalapo," anatero. "Onani m'mphepetemu. Koma yachira bwino." Anaiyang'anabe. "Msana uwu ndikuudziwa. Ndi za ndani nsombazi?"

Mayi Helen anagwada pa miyala yonyowa pambali pa njinga. Kenako anati, "Ndi zanu, adadi. Ndi ana a zanu zija." Anatembenukira kwa ine. "Anazisunga ndi Rose."

"Rose ndi ndani?"

"Ndi awa."

Anandiyang'ana kuyambira ku majombo mpaka kumutu, monga ankayang'anira munthu wofuna ntchito. "Zachuluka m'dziwemu," anandiuza. "Muzigawe chisanu chisanafike." Ndinati, "Chabwino, bambo." Anandipatsira nsomba ija, ndinaibwezera m'madzi, inagwedeza mchira n'kulowa pakati pa zinzake. Pamene ndimatembenuka, maso awo anali atabwerera kale kutali, akufunsa ngati basi yafika.

Mayi Helen anawakweza m'galimoto, nawamanga lamba, natseka chitseko. Ndinkaganiza kuti apita. Koma anabwerera, akupukuta mawondo a buluku, n'kuima pafupi nane, tonse tikuyang'ana madzi. Sanapepese, ndipo ine sindinapepese. Mpaka lero sindidziwa kuti zingati mwa zazikulu zija zikanakhala ndi moyo ndikanamvera, ndipo iwonso sanasiye kuzilira. Bambo Walter anamwalira Khirisimasi isanafike. Ine ndinagwirabe pa famupo zaka zina khumi ndi chimodzi, mpaka mawondo atakana.

Koma tsiku limenelo, titaima pamenepo, mayi Helen anangoti, "Lolemba tidzaze dziwe lakumtunda. Pakufunika zazikazi zoti zidzakhale makolo, tisankhe mwa izi."

Ndinafunsa kuti abwera nthawi yanji kuti tidzasankhe.

"Ine ndidzagwira ukonde," anatero. "Musankha ndinu."